Wetisuti Yokuliramo

Chakumapeto kwa Okutobala, tikubwerera ku Dublin kuchokera kunyanja ya kumadzulo, asisi anandiuza kuti ndigule wetisuti yangayanga. Ananena maso ali pamsewu. Zobwereka zija, anatero, n'zopyapyala, n'za nyengo yotentha, ndipo bambo wobwereketsayo amatseka kanyumba kake Novembala akayamba.

"Ngati ufuna kupitiliza na ife, gula ya winta," anatero. "Faifi-fo, ya hudi. Ngati siugula, mpando uyu nizapasa wina. Pali anthu maningi amene anipempha."

Asisi si abale anga. Ndi nesi wa ku Lusaka, wondiposa ndi zaka khumi, ndipo timagwira ntchito limodzi panyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Santry. Iwo amapereka mankhwala, ine ndimasambitsa ndi kudyetsa. Chinyanja chawo ndi Chichewa changa zimamvana bwinobwino. Ali ndi galimoto, ndipo kamodzi pamwezi, masiku opuma akagwirizana, amamangirira mabodi, matabwa oyandama okwererapo, padenga n'kuyendetsa maola atatu kukakwera mafunde. Kumbuyo kumakhala amayi awiri a konkuno, anzawo akale. Mpando wakutsogolo unali wanga kuyambira mwezi wa Juni, pamene anamva kuti ndinaphunzira kusambira m'dziwe la ku Swords ndipo sindinalowepo m'nyanja.

Ndinali nditakhala zaka zinayi ku Ireland. Ndinali ndi chipinda cha lendi, ntchito, ndi tchalitchi kumene ndinkachoka anthu asanayambe kumwa tiyi. Mpando umenewo ndi malo okhawo amene munthu ankandisungira. M'galimotomo sindinkalankhula kwambiri ndipo palibe ankandikakamiza. Ndinkamvetsera atatuwo akukangana za mphepo ndi za amuna awo, n'kumayang'ana minda ikudutsa. Sindinkafuna kuti mpandowo upite kwa wina.

Wetisuti ndi chovala cha labala wofewa, chochokera m'khosi kufika m'akakolo. Faifi-fo ndi kuchindikala kwake, mamilimita asanu pachifuwa ndi kumsana, anayi m'manja ndi m'miyendo. Hudi ndi chipewa chake. Izi ndinazilemba papepala. Za kukula kwake sindinafunse, chifukwa ndinkadziona ngati munthu wodziwa kugula zovala. Zobwereka zija zinkandithina nthawi zonse, koma ndinkaganiza kuti zazikulu zinkakhala zitatha, ndipo sindinanenepo kanthu.

Kugula zovala ndinaphunzira kwa agogo. Makolo anga anamwalira motsatizana ndili ndi zaka zisanu, ndipo ananditenga ndi mayi awo a mayi anga, ku Dedza. Anali munthu wa mawu ochepa, wolima mbatata ya kachewere, wosakonda kuseka ndi ana. Tsiku la msika tinkapita pa kaunjika kawiri pachaka. Ankafukula mulu ndi dzanja limodzi, n'kukweza chovala kudzuwa kuti aone ngati chabooka, n'kukoka msoko wa m'khwapa. Ikakhala siketi ankaigwira m'chiuno mwake n'kuizunguliza m'khosi mwanga. Aliyense pamsika ankadziwa kuti nsonga ziwirizo zikakumana kumbuyo kwa khosi ndiye kuti siketiyo ikukwana m'chiuno. Agogo sankafuna kuti zingokumana. Ankafuna zipitirirane ndi zala zinayi. Diresi ankandiveka pamwamba pa limene ndavala, n'kulowetsa chibakera kumsana, ndipo chibakeracho chikalowa momasuka ankagwedeza mutu.

"Udzakuliramo," ankatero.

Kunyumba ankapinda mpendero kawiri n'kusoka ndi ulusi wakuda, kaya diresilo ndi loyera. Chaka chilichonse ankamasula kupinda kumodzi, ndipo pansalupo pankatsala mzere wosonyeza pamene ndinali chaka chatha. Nthawi zambiri chovala chinkatha ndisanakuliremo. Nditatha msinkhu, kukula kwa zovala kunapeza chifukwa chachiwiri. Anandiuza kamodzi kokha, akusenda mbatata, kuti mtsikana wopanda bambo asamaonetse pamene chiuno chake chayambira, chifukwa akalakwiridwa palibe amene angapite kukamulankhulira.

Panalinso zovala zopatsidwa. Achibale a m'tauni akabwera ankabweretsa zimene ana awo asiya, n'kundiuza kuti ndiyese pomwepo iwo akuona. Tsiku lina ndinanena kuti nsapato zikundipweteka chala. Azakhali anazibweza m'chikwama, ndipo ulendo wotsatira anabwera chimanjamanja. Agogo sanandimenye. Anangoti wopatsidwa sasankha. Kuyambira pamenepo, munthu akafunsa kuti chakukwana, ndinkayankha kuti chandikwana, ndisanamve n'komwe mmene chikundikhalira. Agogo anamwalira chaka chimene ndinabwera kuno, koma yankholo linatsala.

Wetisuti yoyamba ndinaipeza pafoni, pamene anthu amatsatsa zinthu zakale. Wogulitsa anali bambo wa ku Crumlin, ndipo ndinakwera mabasi awiri tsiku langa lopuma. Anali wamtali, wa mapewa aakulu, woyenda motsimphina. Anati bondo lamuletsa kulowa m'madzi. Anaitulutsa m'galaja ili pa hang'ala, yakuda, yolemera, ya chipewa chake chosokerera kukhosi. Anandiyang'ana kuchokera kumutu kufika kumapazi.

"Ndi ya amuna anu?" anafunsa.

"Ndi yanga."

"Ikhala yaikulu kwa inu, mayi. Yaikulu ndithu."

Ndinati palibe vuto. Ndinaikweza kukuwala kwa pakhomo, ndinakoka misoko ya m'khwapa, ndinawerenga nambala padzanja. Inali faifi-fo. Kenako ndinaigwira m'chiuno mwake n'kuizunguliza m'khosi mwanga. Inapitirira kwambiri. Bamboyo anafunsa chimene ndikuchita, ndipo nditamufotokozera anaseka, n'kutenga buluku lake limene linali pampando kuti ayese yekha. Linakumana ndendende. Anaitana mkazi wake kuti adzaone. Za kukula kwa wetisuti sanabwerezenso.

M'chipinda mwanga ku Swords ndinaivala mosavuta, ngati ovololo. Chibakera chinalowa kumsana. Miyendo inali yaitali, ndiye ndinaipindira mkati kamodzi. Pagalasi sipankaoneka chiuno kapena chifuwa, pankangooneka chinthu chakuda chokhala ndi nkhope yanga. Ndinaona kuti mkati mwatsala malo a tisheti ya manja aatali ndi kabudula, ndipo ndinaganiza kuti pamenepo ndachenjera. Ndinakulira ku Dedza. Ndinkadziwa kuti kuzizira amakugonjetsa pophatikiza zovala.

Asisi atafunsa kuntchito, ndinati ndagula.

"Faifi-fo?"

"Faifi-fo, ya hudi."

"Yakukwana?"

"Yandikwana."

Tinapita Loweruka lachitatu la Novembala. Kugombe kunali mphepo ndi anthu ochepa. Enawo amavulira pambali pa galimoto atadzikuta ndi matawulo, akucheza. Ine ndimapita kuseri, ndimamanga chitenje pachifuwa, ndipo ndimamaliza pomalizira. Tsiku limenelo pamene ndinkatsikira kumchenga, atatuwo anali kale m'madzi ofika m'chiuno. Palibe anaiona wetisutiyo pafupi.

Funde loyamba linandimenya pachifuwa ndipo madzi analowera m'khosi. Ndinawamva akutsika kumsana, akuzungulira pamimba, akudzaza miyendo yonse iwiri. Mpweya unandithawa kwa kanthawi. Ndinadikira kuti afunde, monga zinkachitikira ndi zobwereka zija. Asanafunde, funde lachiwiri linawakankhira kunja kudzera m'akakolo n'kulowetsa ena atsopano. Zinapitirira choncho. Tisheti ija inamatirira pathupi ngati nsalu yokolopera. Ndikagona pabodi, madzi ankasonkhana m'mawondo, ndipo kukweza mwendo kunali ngati kunyamula ndowa.

Asisi anadutsa pafupi akupalasa ndi manja. "Uli bwino?"

"Ndili bwino."

Ndinkanjenjemera kwambiri, mano akugundana, koma chipewa chinkabisa zambiri. Ndinkaganiza za maola atatu amene asisi anayendetsa, ndi za amayi awiri aja amene anasiya ana ndi amuna awo kuti abwere. Ndinaganiza kuti ndipirire mafunde khumi, ndipo atakwana ndinawonjezera ena khumi. Asisi anafunsanso ali patali, atakweza chala chachikulu. Ndinakweza changa.

Patapita nthawi kunjenjemera kunachepa, ndipo ndinaganiza kuti thupi lazolowera. Ndinaona kuti zala zanga sizikugwira m'mphepete mwa bodi. Ndinkaziuza kuti zipindike, zinkangokhala. Ndinaziyang'ana popanda mantha alionse, ngati za munthu wina. Funde lina linandigwetsa, ndipo nditadzuka ndinaima m'madzi ofika pachifuwa, bodi ikundikoka pachingwe cha kumwendo, osadziwa bwino chimene ndimafuna kuchita.

Asisi anafika pambali panga. Anandigwira chibwano n'kutembenuzira nkhope yanga kwa iwo.

"Lelo ni lachingati?"

Ndinkalidziwa tsikulo, koma linatenga nthawi kufika pakamwa, ndipo linatuluka ngati la munthu woledzera. Anaika dzanja kumsana kwanga, n'kukoka wetisutiyo. Inadzaza dzanja lawo lonse.

"Iyi ni suti ya ndani?"

Sanadikire yankho. Anaitana enawo ndi dzanja, anamasula chingwe kumwendo kwanga, ndipo anandiyendetsa kukwera mchenga atandigwira m'khwapa monga timagwirira okalamba athu. M'galimoto anayatsa hita, anandivula zonse, tisheti ndi kabudula yemwe, osasamala za chitenje. Anandipukuta, anandiveka jekete yawo ndi chipewa chaubweya, anandifunditsa bulangete la galu wa mmodzi wa amayi aja, ndipo anandimwetsa tiyi wa shuga wambiri atagwira kapu okha. Ankandifunsa mafunso mphindi zingapo zilizonse, dzina la wodi yathu, nambala ya basi yanga. Kunjenjemera kutabwereranso anati ndiye bwino.

Tonse tinali titakhala m'madzi nthawi yosakwana ola. Amayi aja anamangirira mabodi padenga n'kundiuza kuti ndisadandaule, zimachitika. Anali aulemu kwambiri, ndipo njira yonse anakamba za zina. Titadutsa theka la ulendo, asisi anayamba nkhani yanga. Analankhula m'Chinyanja, motsitsa mawu.

"Nakufunsa kangati?"

"Kawiri."

"Unayankha chani?"

Ndinakokera bulangete kukhosi.

"Suti ni nkhani ing'ono, tingagule ina. Nkhani ni yakuti iwe sukamba. Ine siningatenge munthu kumadzi amene azafa ali zii pambali panga. Nizauza ndani? Nizatumila ndani foni kwanu?"

"Pepani, asisi."

"Pepani siifunditsa munthu." Anasintha giya. "Disemba siupita. Januwale nizaona. Nifuna nione suti pathupi pako na maso yanga, na kumva pakamwa pako."

Mu Disembala anapita ndi mtsikana wina wa kuntchito kwathu, wa ku khitchini. Ine ndinatenga shifiti ya Loweruka limenelo. Lolemba mtsikanayo anandionetsa zithunzi pafoni, ali pampando wakutsogolo, atanyamula kapu ya khofi. Anati anasangalala kwambiri ndipo akufuna kupitanso. Ndinati zithunzizo n'zabwino. Kuntchito asisi ankandilankhula monga mwa masiku onse, za mankhwala ndi za odwala. Za nyanja sankatchula, ndipo ine sindinafunse.

Khirisimasi itapita, anandipeza ndikupinda matawulo. Anati Lachinayi tonse tili ofu, tikumane m'tauni thu koloko.

Sitoloyo inali yopapatiza, ya zinthu za m'madzi zokhazokha, ndipo mawetisuti anali m'chipinda chapamwamba. Munkanunkha labala. Wogulitsa anali mayi wa imvi, wa tsitsi lalifupi, manja ake olimba ngati a mlimi. Asisi anamufotokozera mwachidule zimene zinachitika. Mayiyo sanaseke. Anatenga tepi n'kundiyeza msinkhu, chifuwa, chiuno, matako, ndipo analemba manambalawo monga analili. Ndinadikira kuti awonjezere pang'ono, monga ankachitira telala wa yunifolomu kwathu agogo akamuyang'ana. Sanawonjezere.

Akufufuza pa mahang'ala anandifotokozera mmene chovalacho chimagwirira ntchito. Labalayo ndi amene amasunga kutentha, anatero, koma madzi pang'ono amalowabe. Akakhala ochepa ndipo akasowa potulukira, thupi limawafunditsa n'kukhala nawo. Pakakhala mpata, amalowa ndi kutuluka, ndipo munthu amakhala akufunditsa nyanja yonse. Anandionetsa zipi ya pachifuwa, yaifupi, n'kunena kuti imavuta kuvala koma siilowetsa madzi ngati yaitali ya kumsana. Anatembenuza dzanja la wetisuti kuti ndione misoko yomatidwa ndi guluu, yopanda mabowo a singano odutsa. Mkati musavale kanthu koposa kosambira nako, anatero. Asisi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana misoko.

Anandipatsa yoyamba pamodzi ndi jumbo ya pulasitiki yoti ndizivala kuphazi kuti litsetsereke. Kuseri kwa katani ndinalimbana nayo. Inkafuna kukokedwa pang'onopang'ono, chikhatho chimodzi nthawi imodzi, kuyambira m'akakolo. Thukuta linayamba kutsika.

"Wafa mkati umo?" anafunsa asisi.

"Ndili pamawondo."

"Pamawondo? Ine ninabeleka mwana wa mafo kilo musanga kupambana apa."

"Ndiye bwerani mudzandibereke."

Ndinawamva akuseka, ndipo anamasulira mayi uja, nayenso anaseka.

Nditatseka zipi ndinatembenukira kugalasi. Chilichonse chinali poyera, pamene chiuno chayambira ndi pamene chathera. Sindinadzionepo choncho nditavala. Zobwereka zija ndinkavalira kuseri kwa galimoto, kopanda galasi. Ndinatenga chitenje m'chikwama, ndinamanga m'chiuno, ndipo ndinatuluka.

Asisi anandiyang'ana n'kupukusa mutu. "Manje upita kumaliro olo kumadzi?"

Mayi wogulitsa anayamikira mtundu wa chitenjecho, kenako anapempha mwaulemu kuti ndichichotse chifukwa akufuna kuona kumsana ndi kuseri kwa mawondo. M'chipindamo munali bambo wina amene ankayesa mabuti. Ndinamasula chitenjecho ndikumuyang'ana iyeyo. Anapitiriza kulimbana ndi buti lake. Sanadzutse mutu nthawi yonse imene ndinaima pamenepo, ndipo ndikudziwa chifukwa sindinamuchotse diso.

Mayiyo anandiuza kuti ndikweze manja, ndinjute, ndipalase m'mwamba ngati ndili pabodi. Anayendetsa chikhatho kumsana kwanga, anayesa kutsina labala m'khwapa.

"Mukuimva bwanji?" anafunsa.

"Yandikwana."

"Uyu azakamba so olo mumuveke saka ya fetelaiza," asisi anamuuza. "Mupaseni ina."

Anandipatsa yokulirapo ndi saizi imodzi. Inalowa msanga. Ndinkapuma bwino, ndipo pagalasi sinkanena zambiri za thupi langa. Ndinaikonda. Ndinatuluka, ndinakweza manja, ndinanjuta.

"Nanga iyi?"

"Yandikwana."

Mayiyo anatsegula pakamwa kuti anene chinachake, dzanja lake lili kale kumsana kwanga, koma asisi anamupempha kuti adikire. Anakhala pabenchi, anaika chikwama pamwendo, anapinda manja.

"Ine nili ofu mpaka mailo," anatero. "Sitichoka muno mpaka ukambe chamene chili rong'o na iyi, na chamene chili rong'o na ija. Iwe wamene, osati mayi aba."

Mayi wogulitsa anapita kukathandiza bambo wa mabuti. Ndinatsala nditaima pakati pa chipinda. Ndine munthu wopenyetsetsa. Ndimadziwa wokalamba amene wabisa mankhwala pansi pa lilime, ndi mnzanga amene walira m'bafa asanalowe m'wodi. Koma kudzifufuza ndekha mkati mwa chovala kuti ndimve pamene chalakwa, zimenezo ndinali ndisanachitepo kuyambira tsiku la nsapato za azakhali. Ndinayamba kumapazi, kukwera pang'onopang'ono. Kuseri kwa mawondo kunali makwinya. Kumunsi kwa msana labala sankandikhudza, panali mpweya, ndipo ndikawerama ndinkaumva ukusuntha. M'khosi chala chinkalowa. Kenako ndinakumbukira yoyamba ija. Pamimba ndi m'miyendo inandigwira bwino, koma inkandikokera mapewa pansi, ndipo nditakweza chibwano monga munthu amachitira akagona pabodi, inandikanikiza pammero. M'akakolo inathera m'mwamba.

Ndinawauza asisi zonsezi m'Chichewa, motsitsa.

"Uza mwine wa shopu. Ine sinigulisa masuti."

Mayiyo atabwerera ndinamuuza. Ndinayamba ndi kupepesa. Ndinkamva ngati mlendo amene akuuza mwini nyumba kuti ndiwo zachepa mchere, ndipo ndinkayembekeza kuti nkhope yake isintha. Anamvetsera ngati ndikumuuza nthawi. Anati ndiye kuti saizi yoyamba ija ndi yoona, koma ndili ndi thunthu lalitali, ndipo pali zosokedwera anthu otero. Anapita kuseri n'kubwera ndi yachitatu.

Inatenganso nthawi yaitali kuvala. Inandigwira paliponse, ndipo panalibe pamene inkandipweteka. Ndinakweza chibwano, ndinameza malovu, ndinapalasa m'mwamba kambirimbiri. Ndinati padzanja lamanzere pali kupindika. Mayiyo anakoka labala kuchokera pachigongono kukweza kuphewa, ndipo kupindikako kunatha. Asisi anadzuka, anandizungulira, anayesa kutsina kumsana. Zala zawo zinatereka.

"Hmm," anatero. Za Januwale sananene kanthu.

Tinasankhanso magolovesi ndi mabuti. Pa mabuti ndinadzipeza ndikukanikiza chala chachikulu cha dzanja kutsogolo kwa phazi, kufuna mpata. Mpata unalipo, ndipo ndinanena kuti ndi aakulu. Anandipatsa ocheperapo. Wetisuti ya bambo wa ku Crumlin ikadali m'kabati mwanga. Ndi yabwino, misoko yake ndi yolimba, ndipo sindinapezebe munthu wamtali woti ndimupatse.

Masabata awiri anadutsa. Lachitatu lina asisi anandidutsa m'khonde akukankha tebulo la mankhwala, n'kunena osaima kuti Loweruka adzanditenga pa siteji ya basi seveni koloko. Sindinadziwe ngati mtsikana wa ku khitchini anakana yekha kapena anauzidwa.

Loweruka galimoto inali ndi chisanu pagalasi. Kugombe mphepo inali yochepa, kumwamba kotuwa. Ndinavalira kuseri monga kale, koma nditamaliza ndinapeza asisi akundidikira, bodi ili m'khwapa. Anandikoka pakhosi, anayang'ana pamene mabuti alowera m'miyendo ya wetisuti, ndipo tinatsikira limodzi.

Madzi anandipweteka kumaso kokha, pamphumi ndi m'mano. Funde litandimiza ndinamva kamzere kozizira kakutsika pakati pa mapewa, kakuima, kenako kakuzimiririka. Ndinadikira kachiwiri. Sikanabwere. Ndinakwera mafunde angapo chogona, awiri chogwada, ndipo kamodzi ndinaimirira kwa nthawi yokwanira kuona galimoto yathu pamtunda ndisanagwe. Asisi anali chapatali, kumene mafunde amayambira. Ndinazindikira kuti sakundifunsa kanthu. Ankatembenuka kundiyang'ana, n'kubwerera ku zawo.

Patatha ngati ola, zala za kumapazi zinasiya kumveka. Kenako kunjenjemera kunayamba m'mimba, pang'ono, kumabwera ndi kupita. Enawo sankaoneka kuti akuganiza zotuluka. Ndinayamba kuwerenga mafunde, ndipo nditafika pa atatu ndinasiya. Ndinapalasa kupita kumene kunali asisi. Zinanditengera nthawi, chifukwa mafunde awiri anandibweza.

"Asisi, ndazizidwa. Ndikutuluka."

Anandiyang'ana m'maso, kenako pamilomo. "Pinda zala nione."

Ndinapinda.

"Kiyi ili mu kabokosi pansi pa galimoto, nambala uidziwa. Yasha hita. Tiyi ili mu flaski, usasilize yonse."

Anatembenuza bodi yawo kuloza kunyanja. Ndinatuluka ndekha, ndinavula, ndinakhala pampando wakutsogolo nditaika mapazi pafupi ndi hita. Magazi akubwerera m'zala zinandipweteka kwambiri. Atatuwo anakhala m'madzi mphindi zina makumi anayi, ndipo ndinawaonera pagalasi, timadontho takuda tokwera ndi kutsika. Anabwera akukangana za funde limene mmodzi anati mnzake anamulanda.

Titadutsa tauni yachiwiri pobwerera, asisi anandiponyera foni yawo pamwendo.

"Segula rosta ya Febuluwale," anatero. "Ona Saturday yamene tonse tili ofu."

Linalipo limodzi, lachiwiri m'mwezimo. Ndinawauza, ndipo anati ndililembe.